Atcheya a M'buku Lopanda Chikuto

Ndinayamba kuphunzitsa ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, pasukulu ina ya pulayimale cha ku Chiparamba, chaka chija zipani zambiri zinaloledwanso m'dziko muno. Ndinali mwana wa m'tauni ya Chipata, bambo anga kalaliki wa kuboma, ndipo ndinapita kumudziko ndi nsapato za gogoda komanso mtima woti ndikukatsegula anthu m'maso. Nsapatozo zinatha m'mwezi umodzi. Mtimawo unachedwa kutha, ndipo usanathe unapweteketsa mwana wa eni.

Anandipatsa giredi 7, kalasi ya mayeso. Laibulale pasukulupo panalibe. Chomwe tinali nacho ndi katoni imodzi ya mabuku akale ochokera kunja, yomwe ansembe a kuparishi anabweretsa pa njinga yamoto. Ahedi anailowetsa pansi pa tebulo muofesi mwawo, ndipo ntchito yake inali yoti aziikapo mapazi. Tsiku lina ndinawapempha kuti asunthe mapaziwo ndione zomwe zinali m'katimo. Ambiri anali mabuku opanda nafe ntchito: lina la kaphikidwe ka zakudya zomwe sitinazionepo, lina la malamulo a pamsewu a dziko la eni. Pansi penipeni panali buku la ana la Chingerezi, lopanda chikuto, tsamba loyamba chiswe chitadya. Mpaka lero sindidziwa dzina lake, ngakhale la amene analilemba. Ndinaliwerenga Loweruka limodzi nditakhala pakhonde, mpaka nyemba zinapserera pamoto.

Linkanena za mtsikana wa pafamu ina kudziko lozizira, woweta nkhosa za makolo ake. Iye ankafunitsitsa kupita kusukulu yaikulu ya m'tauni, koma bambo ake ankangoti nanga nkhosa aziweta ndani. Alimi a kuderalo anali ndi bungwe lawo, shedi yosungiramo mbewu ya tirigu, ndi wapampando wokalamba amene anakhala pa udindowo zaka zambiri. Chisankho cha bungwelo chitayandikira, mbewu inasowa m'shedi, pamene makiyi ankasunga ndi wapampandoyo. Theka lonse loyamba la bukulo limakukoka kuti ukhulupirire kuti wakuba ndi iyeyo. Kenako nkhosa imodzi imasochera, mtsikana uja amaitsatira, ndipo kuseri kwa khola la eni amamva anthu awiri akunong'onezana. Pamenepo m'pamene umadziwa kuti anabisa mbewu ndi mlembi wa bungwe, pofuna kuti mkulu uja agwe pachisankho, mpando autenge iye. Mulibe nyama yolankhula, mulibe chiwanda. Muli anthu, nkhosa, matope ndi ndale basi. Ndinalikonda kwambiri bukulo, ndipo ndikanalipeza lero ndikanauza kholo lililonse kuti lipatse mwana wake. Ndikunena zimenezi ngakhale ndikudziwa zomwe linachita litadutsa m'manja mwanga.

M'kalasi mwangamo munali mtsikana wina wa zaka khumi ndi zinayi, wamtali, wosalankhulalankhula, amene ankakhala kumbuyo pafupi ndi zenera lopanda galasi. Chingerezi ankachimva kuposa anzake onse, ndipo kunena zoona, masiku ena ndikalakwitsa pabolodi ankandikonza ndi maso okha. Bambo ake anamwalira iye ali giredi 3, amayi ake n'kubwerera kwawo kukakhala pa malo a alongo awo. Choncho pa chilichonse chokhudza mwanayu, kaya sukulu kaya munda, mawu omaliza anali a amalume ake. Aphunzitsi tonse tinkadziwa kuti ngati pali mwana amene apite kusekondale chaka chimenecho, ndi ameneyu. Masiku amenewo mayeso a giredi 7 sanali masewera. Ukalephera, kapena ukapanda kulemba, kumudzi kuja sukulu inathera pomwepo. Dzina lake tinali titalitumiza kale kuboma. Chomwe chinatsala ndi chakuti tsiku la mayeso likadzafika, adzakhale pa desiki ndi pensulo m'manja.

Lachisanu lina mu Seputembala, anzake akutuluka, ndinamuitana n'kumupatsa bukulo.

"Tenga ili ukawerenge kunyumba. Mtsikana wa m'menemu ali ngati iwe."

Analandira ndi manja awiri atagwada, n'kulitembenuza kufuna chikuto chomwe panalibe.

"Amadamu, ndi nthano?"

Funsolo linandikwiyitsa pang'ono. Kwa ine nthano zinali za ana a giredi 1, zija za nyama zovala malaya. Ndinkafuna kumuuza kuti ili ndi buku lonena za moyo monga ulili, loyenera munthu woganiza. Koma mawu achidule onenera buku lotere m'Chinyanja sindinawapeze, ndipo ndinalibe nthawi yowafunafuna.

"Iyayi, si nthano iyi. Ndi nkhani."

Sindinaganize n'komwe kuti nkhani ndi zomwenso amaulutsa pawailesi, ndi zomwenso anthu amatengerana nazo kubwalo.

Amalume ake aja anali wapampando wa kopaletivi ya alimi, komanso wapampando wa nthambi ya chipani chakale m'mudzimo. Dzina lawo lenileni ndi ochepa ankalitchula. Ana, akulu, ngakhale akazi awo, onse ankangoti atcheya. Sanali munthu woipa. Anali wokalipa, wokonda kuti aziyamba ndi iwo kupatsidwa moni, ndipo makiyi a shedi ya kopaletivi ankawamangirira ku lamba moti umawamva asanatulukire. Chaka chimenecho feteleza ndi mbewu ya chimanga zinachedwa kufika. Shedi inali yokiya koma yopanda kanthu, ndipo anthu anali atayamba kung'ung'udza. Chisankho chachikulu cha dziko chinalinso pafupi. Kwathu kum'mawa kuno ambiri anali a chipani chakale, ndipo mphunzitsi aliyense ankaonedwa ngati wa chipani chatsopano, kaya ali kaya sali. Ine zonsezi ndinkazidziwa monga mmene munthu amadziwira kuti kunja kukutentha. Sindinaone kuti zikukhudzana bwanji ndi buku la nkhosa.

Zomwe zinachitika kumudzi ndinazimva pambuyo pake, kwa mtsikanayo ndi kwa amayi ake. Inali nyengo yoswa nshawa za mbewu, mtedza uja timadzala mvula ikagwa. Azimayi ankasonkhana masana pansi pa mtengo wa mango kwa amayi a mtsikanayo, aliyense ndi lichero lake. Iye anakhala pambali ndi buku. Mayi wina anamuseka kuti ena manja akuwawa ndi kuswa, ena akungotembenuza mapepala, ndiye bola atiuzeko zomwe azungu alembamo. Mwanayo anayamba kuwamasulira, tsamba ndi tsamba.

Anamasulira bwino kwambiri, ndipo vuto linali pomwepo. Nkhosa anazisiya nkhosa. Tirigu anamusandutsa chimanga, popeza kwathu tirigu sitidzala. Bungwe la alimi analitcha kopaletivi. Ndiye anafika pa wapampando uja. M'Chingerezi khanda ndi gogo amatchulidwa mofanana, palibe amadandaula. Koma mwana woleredwa bwino kwathu sanganene kuti tcheya anachita chakuti, iye ananama, ponena za bambo wa imvi, ngakhale akhale wa m'buku. Pakamwa pake sipakanalola. Choncho anati:

"Atcheya ndiwo ankasunga makiyi. M'mawa anthu atatsegula shedi, anapeza mbewu mulibe. Atcheya anati sakudziwapo kanthu."

Amayi ake anandiuza kuti manja onse anaima nthawi imodzi. Mayi wina anayang'ana kunjira ngati kukubwera munthu, kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Iwe, ndi nthano imeneyo?"

"Iyayi. Amadamu anati si nthano. Ndi nkhani."

Anawerenga Loweruka, anawerenganso Lamulungu atabwera kutchalitchi. Tsiku lachiwirilo malichero anachuluka, ndipo amuna ena anaima chapatali ngati akukonza njinga. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti kwabwera buku lochokera kunja, lomwe lalemba kuti atcheya anagulitsa mbewu ndi feteleza. Ena anati analisindikiza ku Lusaka ndi a chipani chatsopano. Wina atafunsa kuti nanga dzina la bukulo ndi chiyani, anamuyankha kuti chikuto anachotsa dala kuti asadziwike. Chiswe cha m'katoni ya ahedi chinasanduka umboni.

Lolemba mwanayo anabwera kusukulu maso atatupa, buku alibe.

"Amalume alitenga, amadamu."

"Unafika pati?"

"Pamene nkhosa yasochera."

Ndinatsala pang'ono kukuwa. Masamba awiri okha, mwina atatu, akanafika kuseri kwa khola kuja, ndipo azimayi onse aja akanamva ndi makutu awo kuti atcheya sanabe. Ndinamuuza kuti asadandaule, ndikonza. Ndinanena motsimikiza, ngati munthu amene anakonzapo kanthu pa moyo wake.

Lachiwiri sanabwere. Lachitatu sanabwerenso. Tsiku limenelo ahedi anandiitanira kuofesi. Anali bambo wofatsa, wotsala pang'ono kupuma pantchito, ndipo chomwe ankafuna pa moyo ndi kufika tsiku lopumalo popanda kalata iliyonse yochokera kuboma. Katoni ija inali itachoka pansi pa tebulo.

"Madamu, mwatiputira mavu. Atcheya anali pano m'mawa. Akuti sukulu ikuchita misonkhano ya chipani kudzera mwa ana."

"Ahedi, ndi buku la nkhosa!"

"Ine ndikudziwa. Koma khalani chete mpaka chisankho chidutse."

"Nanga mayeso?"

Anayang'ana kalendala ya pakhoma, kenako anayang'ana zala zawo. Anati mwina zizizira zokha.

Lachinayi masana ndinavala chitenje pamwamba pa diresi, ndinapita kumudziko. Ndinayamba kwa amayi a mtsikanayo kuti andiperekeze, chifukwa mtsikana wosakwatiwa ngati ine sakanangotulukira pakhomo pa munthu wamkulu. Anavomera. Tinawapeza atcheya atakhala pa mpando wa ndalema pakhonde, buku lija lili pamiyendo, atalikulunga m'thumba lakale la feteleza. Chingerezi sankawerenga. Ndinagwada pansi pa khonde, amayi aja n'kukhala kumbuyo kwanga.

"Mwachoma bwanji, atcheya?"

"Tachoma. Ndinu amadamu a buku?"

"Ndine. Ndabwera kudzapepesa, komanso kudzafotokoza. Bukuli linalembedwa kalekale, kudziko lakutali, ndi munthu amene sanapondepo ku Chiparamba. Ndi nthano chabe."

"Nthano? Mwana akuti munanena nokha kuti si nthano."

"Ndinalakwitsa kanenedwe."

"Mphunzitsi kulakwitsa Chinyanja? Munabadwira kuti, mayi?"

"Konkuno ku Chipata."

"Ndiye mukudziwa nthano ndi chiyani, nkhani ndi chiyani. Nthano imayamba ndi padangokhala, ife n'kumati tili tonse. Iyi yayamba ndi shedi ndi makiyi."

Ndinali nditasunga mfundo imodzi yomwe ndinkakhulupirira kuti ithetsa zonse. Ndinaitulutsa monyadira.

"Atcheya, ndiloleni ndikuwerengereni kumapeto kwake. Mwana sanamalize. Atcheya a m'bukumo sanabe kanthu. Amene anabisa mbewu ndi mlembi, pofuna kuwalanda mpando."

Ndinadikira kuti nkhope yawo imasuke. M'malo mwake anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana nyumba ya malata yomwe inali tsidya la njira. Mmenemo ndi mmene munkakhala mlembi wa kopaletivi yawo, amenenso anali mlamu wawo. Ine zimenezo sindinkazidziwa.

"Alembi?"

"Iyayi, atcheya, si alembi anu. Ndikunena a m'buku."

"Koma atcheya ndiye ndine."

"Iyayi, nawonso ndi a m'buku."

"Manje azimayi onse aja amayang'ana ndani? Dzulo wakuba ndinali ine. Lero ndi alamu anga. Mawa mubwera ndi tsamba lina, adzakhala asungichuma. Mukufuna mudzi uno tiphane?"

Ndinaona kuti ndadzitsekera ndekha. Ndikati bukulo ndi lopeka, ndiye ndinanamiza mwana. Ndikati limanena zoona, ndiye alembi ndi akuba. Kulikonse komwe ndinkatembenukira ndinkakumana ndi mawu anga omwe.

Kenako anatsitsa mawu, ndipo apa m'pamene ndinachita mantha kwenikweni, chifukwa sanalinso kukalipa.

"Mayi, ine ndakhala pa mpando uwu zaka zonsezi. Feteleza akachedwa ku Lusaka, wotukwanidwa ndi ine. Chimanga chikavunda podikira malole, wotukwanidwa ndi ine. Ndapirira. Koma mwana wa mlongo wanga, amene ndamulera ine, aime pakati pa azimayi n'kumati atcheya anabisa mbewu? Dzulo kumaliro ndinakhala pa benchi, anthu anasuntha. Ine, kuthawidwa pa benchi."

"Sanakutukwaneni, atcheya. Anangolemekeza munthu wa m'buku. Akanati tcheya, ngati akunena mnzake, palibe akanaganiza za inu."

"Ndiye ulemu wakewo wandivula."

Ndinapempha kuti basi angomulola kudzalemba mayeso, masiku ochepa chabe, kenako achite zomwe akufuna. Anati mwanayo apita kwa azakhali ake cha ku Tamanda, akathandize kumunda mpaka zinthu zitazizira. Ndinati mayeso sadikira kuti zinthu zizizire. Anati sukulu yophunzitsa mwana kunyoza amalume ake m'Chingerezi, mwanayo sakuifuna. Apa mtima wanga wa m'tauni uja unandikwera. Ndinaiwala kuti ndagwada, ndinaiwala kuti ndikulankhula ndi ndani.

"Mukuphera mwana tsogolo chifukwa cha mpando!"

Amayi aja anandikoka chitenje kumbuyo, koma mawu anali atatuluka kale. Atcheya anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza chomwe amafuna.

"Wamva, mlongo wanga? Mpando. Ndi zomwe anawatuma."

Anaimirira, makiyi akulira, n'kulowa m'nyumba ndi buku lija. Ndakhala ndikuganiza zaka zonsezi kuti ndikanatseka pakamwa tsiku limenelo, mwina akanafewa patapita sabata. Sindikudziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti mawu oyamba aja ndinawanena mosaganiza, koma awa ndinawanena ndi mkwiyo, ndipo onse awiri anagwera pa mutu wa mwana mmodzi.

Pobwerera ndinawagwira dzanja amayi aja, ndinawachonderera kuti akane. Mwana ndi wawo, anabereka okha.

"Amadamu, ine munda wanga ndilibe. Nyumba ndikukhalayo anamanga ndi iwo. Ndikatsutsa, ana enawa ndipita nawo kuti?"

Ndinasiya dzanja lawo.

Ndinayesa zomwe ndikanatha, ndipo zinali zochepa mochititsa manyazi. Ahedi anakana kulemba kalata. Ansembe anamvetsera bwinobwino, anapita kukaonana ndi atcheya, n'kubwera ndi yankho loti tidikire chisankho chidutse. Ndinakwera galimoto kupita ku Chipata kukaonana ndi akuluakulu oyang'anira masukulu, koma ndinakhala pa benchi tsiku lonse, aliyense ali kalikiliki ndi za chisankho. Madzulo ake bambo anga anandiuza kuti ndine mphunzitsi watsopano, ndisayambe ntchito ndi mbiri ya ndale. Amayi anga anandiphikira tiyi n'kundiuza kuti ndizipemphera. Ndinapemphera, mokwiya.

Mtsikanayo ndinamuona kamodzi kokha asanapite. Unali m'mawa, ndili pakati pophunzitsa masamu. Njira yopita kumsewu inkadutsa kuseri kwa kalasi yathu, ndipo kudzera pa zenera lake lomwe lija ndinaona amayi ake ali patsogolo ndi kamtolo pamutu, iye ali pambuyo. Anali atavala yunifomu, chifukwa ndiyo inali diresi yake yabwino. Ana onse anatembenuka. Ndinatuluka n'kuima pakhomo, choko chili m'manja. Anandiona, anapinda mawondo pang'ono monga mwa ulemu, n'kupitiriza. Sindinamuitane. Ndikanamuuza chiyani? Ndinabwerera pabolodi ndinamaliza samu ija.

Chisankho chinadutsa. Kwathu chipani chakale chinapambana, koma m'dziko lonse chinagwa. Zinthu sizinazizire. Atcheya anatsimikiza tsopano kuti buku lija linali mbali ya chiwembu chachikulu, ndipo ankadutsa pasukulu osayang'ana kumbali. Mbewu ndi feteleza zinadzafika ndithu mochedwa, shedi inatsegulidwa, aliyense anaona kuti palibe chinabedwa. Palibe anapita kukapepesa kwa atcheya, ndipo atcheya sanatume munthu ku Tamanda.

Tsiku la mayeso tinakonza madesiki, tinalemba nambala ya mwana aliyense ndi choko. Ya mtsikanayo ndinalemba ndekha. M'mawa wonse ndinkasuzumira kunjira. Ndinganene kuti ku Tamanda kunali kutali, kuti mudzi wa azakhali akewo sindinkaudziwa, kuti mvula inali itayamba. Zonsezo n'zoona. Koma zoona zenizeni n'zakuti ndinachita mantha kupita kukamutenga ndekha. Ndinaopa atcheya, ndinaopa ahedi, ndinaopa kutaya ntchito. Desikiyo inakhala yopanda munthu masiku onse a mayeso, ndipo tsiku lomaliza ndinafufuta nambalayo ndi chala.

Chaka chotsatira kunagwa chilala, ndipo palibe ankakambanso za sukulu ya mwana wa munthu. Patapita zaka ziwiri ananditumiza kusukulu ya m'tauni. Ndinamva kuti kopaletivi ija inatha, shedi inasanduka mogona mbuzi. Buku lija sindinalionenso. Ndinapitiriza kupatsa ana mabuku, chifukwa china chimene ndikanachita pa moyo wanga sindinkachidziwa, koma ndinayamba kusankha mawu ngati munthu woyenda pa minga. Mwana akandifunsa kuti ndi nthano kapena nkhani, ndinkamukhazika pansi n'kumufotokozera mpaka atatopa.

Zaka zisanu ndi ziwiri zitadutsa, Loweruka lina m'mawa, ndinali pamsika ku Chipata kufuna nshawa zosinjira ndiwo. Ndinaima pa beseni lina osayang'ana wogulitsa.

"Amadamu."

Anali iyeyo. Anali ndi mwana kumbuyo, wina wokulirapo atagwira chitenje chake. Kutalika kunali komwe kuja, maso omwe aja ondikonza pabolodi. Ndinasowa kuti ndimutchule bwanji. Kunena kuti iwe sikunkayeneranso kwa mayi wa ana awiri.

"Muli bwanji, amayi?"

Anaseka, n'kubisa pakamwa ndi dzanja.

"Aa, amadamu, mpaka inu? Ndine yemwe uja."

Anandiuza kuti anakwatiwa konko ku Tamanda, kwa mwamuna wolima thonje, munthu wabwino, wosamwa. Nshawa anabwera nazo pa galimoto ya anzawo. Amayi ake ali bwino. Amalume ake anamwalira chaka chatha, anatero, ndipo iye anapita kukawasamalira masiku awo omaliza. Ndinapepesa maliro. Ndinkafuna kupepesanso china chija, mawu omwe ndinakhala ndikuwakonza zaka zonsezo, koma anthu ankatikankha, wina akufunsa mtengo, mwana wa kumbuyo akulira. Ndinangoti ndinakulakwira. Anati iyayi, amadamu, n'kuyamba kundiyezera nshawa m'kapu.

Akuyeza choncho, osandiyang'ana, anafunsa.

"Nkhosa ija inapezeka?"

Sindinafunse kuti nkhosa iti.

"Inapezeka. Kuseri kwa khola la eni."

"Nanga mbewu?"

Ndinamufotokozera zonse, titaima pakati pa msika. Za anthu awiri onong'onezana, za mlembi, za mmene mtsikana uja anaimirira pamsonkhano wa alimi n'kuulula, za mmene mbewu inapezekera pansi pa udzu. Anamvetsera monga ankamvetserera m'kalasi, kapu ili m'manja, osaphethira.

"Ndinkaganiza choncho," anatero. "Atcheya anali okalipa, koma sanali wakuba."

Sindinadziwe kuti akunena atcheya ati, ndipo sindinafunse.

Anakhuthulira kapu m'basiketi mwanga, n'kutapanso ina. Ndinaganiza kuti mafunso atha. Koma anaima, kapu ili pakati pa beseni.

"Nanga mtsikana uja? Bambo ake anamulola?"

Ndikanatha kunama. Ndikanati sindikukumbuka, kapena kuti masamba omaliza chiswe chinadya. Koma mwana ameneyu ndinali nditamupatsa kale mawu olakwika kamodzi.

"Anamulola. Atcheya eni ake ndiwo anapita kukalankhula ndi bambo ake. Tsamba lomaliza, atcheya akumuperekeza kukakwera sitima yopita kusukulu ya m'tauni."

Anasalaza nshawa za m'kapu ndi chikhatho, anakhuthulira m'basiketi, n'kuwonjezera dzanja limodzi la mbasela. Kenako anakweza mwana wa kumbuyo uja, anamanganso chitenje, n'kundiyang'ana. M'maso mwake munalibe mkwiyo, ndipo ndikanakonda ukanakhalamo.

"Ndiye inali nthano ija, amadamu," anatero. "Mukanangondiuza."